Masiku Asanu ndi Anayi a Malemu Burentau Kaiarake

Abusa, akuluakulu a mabanja, aphungu a Nyumba ya Malamulo amene mwawoloka nyanja m'mawa uno, abale ndi alongo nonse: ine ndine Tawita, mwana wa alongo awo a malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya amalume anga, Ten Burentau Kaiarake. Ndisanayambe ndili ndi funso. Funsoli si langa koma lanu, chifukwa mwakhala mukufunsana kwa zaka zinayi, ndipo dzulo ndinalimvanso m'boti pamene timabwera ndi thupi. Kodi malemu anali kuti masiku asanu ndi anayi aja a mwezi wa June 2019, pamene apolisi, wailesi ndi mayi amene anawalera ankawafuna osawapeza? Aliyense asunge yankho lake mumtima. Ine ndinauzidwa loona, ndipo ndilinena ndikamaliza.

Malemu anabadwa pa 14 March 1953 pa chilumba cha Nikuao. Anali achinayi mwa ana asanu a Ten Kaiarake ndi Nei Akineti. Bambo awo anali msodzi. M'chaka cha 1958 anapita ndi bwato kunyanja ya kunja ndipo sanabwerere. Chaka chotsatira kunagwa chilala, mitengo ya kokonati inaleka kubala, zitsime zinalowa mchere. Nei Akineti anatenga mwana wawo wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakwera naye sitima mpaka kulikulu, nawoloka nyanja ya m'kati kudza kuno ku Bikeniman, kwa msuweni wawo Nei Tebora. Anakhala pamkeka nanena bubuti, pempho lija limene mbale akalinena pamaso pako sulikana, ngakhale atapempha bwato lako lokhalo. Anapempha kuti Nei Tebora alere mwanayo. Nei Tebora anamuyang'ana mwanayo kuchokera kumutu mpaka kumapazi, nati ndi mafupa okhaokha, koma poti mawu anenedwa, atsale.

Nthawi imeneyo pakachilumba kano panali mabanja asanu ndi awiri. Amuna awo a Nei Tebora ankagwira ntchito m'sitima za kunja ndipo ankabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Mwana wawo wobereka anali mmodzi, Birati, wochepera malemu ndi zaka ziwiri. Nei Tebora ankapeza chakudya posoka masamba a mtengo wa kaina ofolerera nyumba. Imeneyi ndi ntchito ya akazi, koma pakhomopo panalibe mwana wamkazi, choncho anaphunzitsa malemu. Masamba a kaina ali ndi minga m'mbali, ndipo manja a mwanayo ankakhala ochekekachekeka chaka chonse. Birati ankamuseka pomutcha Nei Burentau m'malo mwa Ten Burentau, ngati kuti ndi mtsikana, ndipo ankamenyana mumchenga mpaka amayi awo atawathira madzi. Komabe ankagona pamkeka umodzi ndi kugawana nsomba imodzi. Nei Tebora sankayamikira. Denga lililonse limene malemu anathandiza kufolera, iwo ankakoka chingwe ndi chala n'kunena kuti mwanayu sadzaphunzira kukunga.

Malemu anayamba sukulu ya mishoni mu 1961. Mu 1967 anasankhidwa kupita kusekondale ya kulikulu, ndipo mu 1972 analowa sukulu ya uphunzitsi. Anayamba kuphunzitsa mu 1974. Patapita zaka ziwiri anatumizidwa kwawo ku Nikuao, kumene anakumana ndi Nei Meeria, amene ankaimba kwaya ya mpingo. Anakwatirana pa 20 December 1978 ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu: Tioti, Ruuta ndi Anterea. Kuyambira mu 1989 anali mphunzitsi wamkulu mpaka pamene anapuma ntchito kumayambiriro kwa 2008.

Ambiri a ife amene tili pano tinaphunzira m'manja mwawo. Tikukumbukira kuti sanakanepo bubuti. Njinga yawo inapita chotero, ukonde unapita chotero. Tsiku lina oyendera sukulu anawapeza akuphunzitsa opanda nsapato, chifukwa m'mawa mwake mbale wina anali atazipempha kuti akavale paukwati. Azakhali anga Nei Meeria ankati anakwatiwa ndi mwamuna amene tsiku lina adzapereka ngakhale khomo la nyumba. Malemu ankatiuza m'kalasi kuti dziko lathu lilibe phiri lothawirako, ndipo chimene chatisunga pamchenga uno ndi chakuti munthu akapempha sakanidwa. Ankawonjezera kuti iwo eni ali moyo chifukwa mayi wina wosauka sanakane.

A Birati anatenga njira ina. Anaphunzira kunja, anakhala phungu, ndipo mu 2007 anasankhidwa kukhala Pulezidenti wa dziko lino. Malemu ndi amene anaphunzitsa ana a sukulu nyimbo yowalandirira. Anavina tsiku limenelo mpaka kupweteka bondo.

Pa 11 August 2008, Ruuta, mwana wamkazi yekhayo wa malemu, anayamba kuvutika pobereka. Namwino wa ku Nikuao anaona kuti ntchitoyo yamukulira ndipo anaitana kulikulu pawailesi. Boma linali ndi boti limodzi lothamanga lonyamula odwala. Botilo linanyamuka tsiku lomwelo. Lili pakati pa ulendo linalamulidwa kubwerera kuti likanyamule ovina opita kukatsegula maneaba yatsopano, nyumba ya misonkhano ya mudzi, pa chilumba china, kumene Pulezidenti anali mlendo wolemekezeka. Lamulolo linali lolembedwa, ndipo pansi pake panali dzina la a Birati. Botilo linafika ku Nikuao pa 14. Ruuta anali atamwalira pa 13. Mwana anapulumuka. Ndi Terenga, amene wakhala pafupi ndi agogo akeyo.

Amene tinalipo sitinawaone malemu akulira. Atachoka kumanda anapita kwa namwino, anabwereka buku limene ankalembamo mauthenga a pawailesi, nakopera masamba anayi m'kope la ana a sukulu, ola ndi ola. Mu 2010 anatengera nkhaniyo kukhoti. Mlandu sunathe ngakhale ola limodzi. Woweruza anawerenga gawo 52 la malamulo oyendetsera dziko, limene linkanena kuti munthu amene wakhalapo Pulezidenti sangazengedwe mlandu pa chilichonse chimene anachita ali pampando, kaya adakali pampandopo kaya anachokapo. Anati ngakhale kopelo litanena zoona, iye alibe mphamvu yolitsegula. Panja pa khoti malemu anapeza mthenga wochokera kwa a Birati, amene anati Pulezidenti ndi wosweka mtima, sanadziwe kuti wodwala uja anali Ruuta. Malemu anamuyankha kuti: "Ukamufunse mng'ono wangayo. Akanakhala mwana wa munthu wina, zikanakhala bwino?"

Mu 2011 anthu a ku Nikuao anawasankha kukhala phungu wawo. Anapita ku Nyumba ya Malamulo ndi nkhani imodzi yokha, ya mizere itatu: kuti chitetezo cha Pulezidenti chikhalepo pamene ali pampando, koma chithe tsiku limene wachokapo, ndipo ayankhe ngati munthu wina aliyense. Kuti gawo la malamulo oyendetsera dziko lisinthidwe pamafunika aphungu makumi awiri ndi anayi mwa makumi atatu ndi asanu ndi mmodzi. Mu 2013 anakweza manja anali asanu ndi awiri. Mu 2016 anali khumi ndi asanu ndi awiri. Anzawo anasiya kuwatchula dzina, ankangoti a Gawo 52, ndipo ena ankati akawaona akubwera ndi kope lija amamva njala chifukwa akudziwa kuti chakudya cha masana chichedwa.

Malemu anayenda zilumba zonse, kukhala pansi m'maneaba ndi akuluakulu. Akuluakulu ambiri sankafuna. Ankati kuimika mtsogoleri pamaso pa woweruza ndi kuvula dziko lonse, ndipo ndani adzalola kutsogolera ngati mawa adzamangidwa. Malemu ankayankha kuti munthu akakhala pamwamba pa mtengo wa kokonati palibe amene amagwedeza mtengowo, pakuti akhoza kugwa ndipo tonse tigona ndi njala. Koma akatsika timamufunsa za kokonati amene anagwetsera pamutu pa mwana. Ena ankati akungofuna kubwezera. Iwo sankatsutsa. Ankati mwina ndi choncho, koma gawolo lidzagwirabe ntchito iwo ndi Birati atayiwalika.

Zaka zonsezi sanasiye kubwera kuno kudzaona Nei Tebora. Pofika nthawi imeneyo mabanja ena onse anali atasamuka chifukwa cha mchere wa m'zitsime, ndipo pakachilumba kano panatsala iwo ndi mnzawo mmodzi wachikulire. A Birati anawatumizira malata, koma iwo anati malata amawotcha masana ndipo amasokosa mvula ikamagwa, nawamangira khola la nkhumba. Denga lawo la kaina linali litatha. Mvula ikabwera ankaika miphika itatu pansi n'kumasuntha mkeka. Ankati analera amuna awiri, wina akulamulira dziko, wina akulamulira kope, koma iwo akugona ngati nkhanu. Za gawo 52 sanakambepo. Malemu ankabweretsa tiyi ndi mpunga, iwo ankawapatsa nsomba zouma, ndipo nkhani inkathera pa nyengo.

Mu June 2019 nkhaniyo inabweranso kachitatu, a Birati atatsala ndi miyezi isanu kuti atsike pampando. Aliyense anawerenga: ndi dzanja la malemu manja anali makumi awiri ndi anayi, popanda iwo anali makumi awiri ndi atatu. Tsiku lovota linali 14 June. Pa 5 June m'mawa msodzi wina anafika kunyumba kwawo kulikulu ndi kunena kuti waona Nei Tebora akukwera boti pamodzi ndi mnzawo uja, atavala diresi la kutchalitchi, atanyamula mkeka wawo. Nei Tebora anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu mphambu zinayi, ndipo anali asanawoloke nyanjayi kwa zaka khumi ndi chimodzi. Malemu sanafunse kuti akudzatani. Anadziwa kuti akubwera ndi bubuti, kuti dzanja lawo lisakwere.

Tonse tikudziwa kuti bubuti imagwira munthu ikanenedwa pamaso pake. Ya pakalata kapena yotumiza ndi mthenga si bubuti. Akanaimva, malemu akanatsala ndi njira ziwiri: kukana mayi amene sanawakane, kapena kusiya Ruuta m'kope. Anatenga mpeni ndi chigubu cha madzi. Nei Meeria anafunsa kumene akupita, ndipo iwo anati: "Ndikakuuzani, amayi akufunsani, ndipo inu simutha kunama." Anatuluka dzuwa lili pamutu. Nei Tebora anafika pakhomopo tiyi wa malemu asanazizire m'kapu.

Anayala mkeka pakhomo nakhala. Anakhala pamenepo masiku asanu ndi anayi, ndipo azakhali anga ankawaphikira, akazi awiriwo n'kumadya osayang'anana. Masiku anayi mwa masikuwo kunagwa mvula yamphepo. Apolisi anafufuza m'nyumba za alendo ndi kudoko. Wailesi inalengeza dzina lawo katatu pa tsiku. Kumsika ankati a boma awagula ndipo awakweza ndege. Ena ankati otsutsa awabisa m'sitima ya asodzi a kunja. Ena ankati amira. Panali ngakhale amene ankati a Gawo 52 ali ndi mkazi wachiwiri, ndipo Nei Meeria atamva anati mkaziyo akapezeka amubweretse, athandizane kumvera za gawolo. Aphungu anzawo ankatukwana poyera kuti munthu wawavutitsa zaka zisanu ndi zitatu kenaka wathawa tsiku lokolola. Ine ndinapita kawiri kunyumba ya chisoni ya chipatala kukayang'ana nkhope.

Lachisanu pa 14 June, Nei Tebora anasamutsa mkeka wawo nakauyala pakhomo lalikulu la Nyumba ya Malamulo, kuti aliyense wolowa adutse pamaso pawo. Koma nyumbayo inamangidwa m'mbali mwa nyanja, ndipo m'mawa umenewo madzi anali ataphwa. Sipikala atangoitanitsa mavoti, malemu analowera khomo lakumbuyo, la ophika tiyi. Buluku linali lonyowa mpaka m'mawondo, ndevu zitamera, akutsokomola, manja onse awiri ali ochekekachekeka. A Birati anali pampando wawo kutsogolo. Anayang'ana manjawo nthawi yaitali, kenaka anati: "Wabwera, Nei Burentau?" Aphungu ena anang'ung'udza poyesa kuti ndi chipongwe. Malemu anati: "Ndabwera, mng'ono wanga." Anakhala pansi, ndipo nthawi itakwana anakweza dzanja. Manja anali makumi awiri ndi anayi.

Anthu anaombera m'manja, koma malemu sanadikire. Anatulukira khomo lalikulu nakhala pansi pamchenga patsogolo pa Nei Tebora. Ine ndinali pafupi ndipo ndinamva. Nei Tebora anati: "Mawu amene ndinabwera nawo aola, Burentau. Wandithawa ngati ndine matenda, ine amene ndinkakuchotsera minga m'nsomba." Anapinda mkeka wawo nabwerera kuno tsiku lomwelo. Kuchokera pamenepo panapita zaka zinayi osawayankhula. Tiyi ndi mpunga zinkatumizidwa mwezi ndi mwezi. Sizinkabwezedwa, komanso sikunkachokera mawu.

Malemu sanaimenso pachisankho cha kumapeto kwa chaka chimenecho. A Birati anatsika pampando mu November, ndipo mu 2021 mlandu wa boti lija unatsegulidwa. Udakali m'khoti, choncho sindinenapo kanthu. Malemu anaitanidwa kamodzi ngati mboni. Anapereka kope lija, anayankha mafunso, nabwerera kunyumba kukagona. Atolankhani atawafunsa ngati ali okondwa, anati Ruuta sanabwerere ndipo amayi sakuwayankhula, lamulo lokha ndi limene lili bwino. Za masiku asanu ndi anayi aja sanauzepo munthu, ngakhale akazi awo. Ankangoti anali pantchito.

Chifuwa chimene anabwera nacho tsiku lovota lija sichinachoke. Mu 2022 madokotala anati mapapo awonongeka ndipo mtima watopa. Anagonekedwa m'chipatala pa 21 September chaka chino. Lachisanu pa 6 October masana tinaona njinga ya odwala ikulowa m'chipinda. Pa njingayo panali Nei Tebora, ndipo amene ankaikankha anali a Birati. Palibe amene anapereka moni. Nei Tebora anatenga manja a malemu, anawatembenuza uku ndi uku, nati: "Sunaphunzirebe kukunga chingwe." Ife sitinamve chimene ankatanthauza, koma malemu anaseka mpaka namwino anabwera kudzawakhazika bwino. Kenaka Nei Tebora anati abwera ndi bubuti, ndipo ulendo uno palibe khomo lakumbuyo. Anati: "Usatsogole. Iweyo ndiye uyenera kundiika ine m'manda." Malemu anati: "Ndamva, amayi."

Anamwalira Lolemba pa 9 October 2023, nthawi ya eyiti koloko m'mawa, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Pa moyo wawo wonse imeneyi ndi bubuti yokhayo imene anaimva ndi makutu awo koma osaikwaniritsa.

Malemu asiya akazi awo Nei Meeria. Ana awiri, Tioti ndi Anterea. Adzukulu asanu ndi mmodzi, wamkulu mwa iwo ndi Terenga. Alongo awo Nei Bwenaata, amene ndi amayi anga. Mng'ono wawo Ten Birati. Ndi mayi amene anawalera, Nei Tebora. Mwana wawo Ruuta anatsogola.

Banja likuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Likuthokoza mpingo, amayi a kwaya amene sanasiye kuimba ngakhale mafunde ankalowa m'boti, ndi anthu a ku Nikuao okhala kulikulu amene abweretsa nsomba, mpunga ndi madzi akumwa, podziwa kuti kuno zitsime ndi zamchere. Likuthokoza Sipikala ndi aphungu, amene anavota nawo ndi amene sanavote nawo. Likuthokoza banja la malemu Ten Kireua, msodzi amene pa 5 June paja anapemphedwa ndi malemu bwato komanso kutseka pakamwa, napereka zonse ziwiri, ndipo anapita ndi chinsinsicho kumanda chaka chatha osauza munthu. Likuthokozanso amuna amene akumba manda kuseri kwa nyumbayi kuyambira m'mawa. Mmodzi wa iwo ndi a Birati, ndipo sanalole kulandiridwa fosholo.

Amalume, mwayenda zilumba zonse ndi kope limodzi. Tsopano gonani. Mulungu amene sakana wopempha akulandireni, ndipo mzimu wanu upeze mtendere pafupi ndi Ruuta.

Latsala ndi funso lija. Malemu anandiuza yankho Lamulungu, tsiku limodzi asanamwalire, ndipo anati ndidzanene pamaliro pokhapokha amayi atalola. Ndinawafunsa Nei Tebora m'mawa uno. Anati ndinene, anthu aleke kumunamizira mwana wawo.

Masiku asanu ndi anayi aja, pamene Nei Tebora ankawadikira pakhomo pawo kulikulu, malemu anali kuno ku Bikeniman, okhaokha, akudula kaina, kusoka ndi kufolera nyumba ya amayi awo. Denga lake ndi ili lili pamwamba pa bokosili.